Eni ake ndi olemera kuposa onse, nanga Newcastle imagulitsiranji ana ake?

Lamulungu la pa 30 June 2024 maso a anthu okonda mpira anali ku Germany, kumene England imalimbana ndi Slovakia m'chikho cha Euro. Ndi tsiku lija Jude Bellingham anamenya mpira chagada nthawi itatheratu n'kupulumutsa dziko lake. Koma akuluakulu a Newcastle United anali pa mpikisano wina, wolimbana ndi wotchi. Pakati pa usiku wa tsiku limenelo chaka chawo cha zachuma chimatha, ndipo mabuku amaonetsa kuti timuyo yaluza ndalama zopitirira zimene malamulo a Premier League amalola. Akanangogona osachitapo kanthu, akanadzalandidwa mapointi monga zinawachitikira Everton ndi Nottingham Forest sizoni yomweyo.

Njira inalipo imodzi yokha, kugulitsa osewera, ndiponso kugulitsa msangamsanga. Yankuba Minteh, mnyamata wa ku Gambia wa liwiro loopsa, anapita ku Brighton pa mtengo wa pafupifupi £30 miliyoni asanasewereko Newcastle ngakhale gemu imodzi ya mpikisano. Elliot Anderson, mwana wakomweko amene analowa m'akademi ya timuyi ali ndi zaka 8, anapita ku Nottingham Forest pa £35 miliyoni. Mphunzitsi Eddie Howe sanabise kuti samafuna kumutaya.

Kuno kwathu, kumalo oonetsera mpira ndi m'magulu a WhatsApp, funso limakhala limodzi: "Kodi Aarabu aja ndalama zawathera?" Ndi funso loyenera. Mu October 2021 thumba la chuma la boma la Saudi Arabia, Public Investment Fund, linagula masheya 80 pa 100 alionse a timuyi pa mgwirizano wa pafupifupi £300 miliyoni, n'kuchotsa Mike Ashley amene anaikhalira zaka 14. Thumba limenelo lili ndi chuma cha madola mabiliyoni mazanamazana. Palibe mwini timu wina mu England amene angayandikireko. Ife amene tinayamba kukonda jezi ya mizere yakuda ndi yoyera ija masiku a Alan Shearer, n'kudzavutika nayo mpaka kutsika ligi kawiri mu 2009 ndi 2016, tinkaona ngati kwacha. Patangotha zaka zosakwana zitatu, timu yomweyo n'kumagulitsa ana ake usiku ngati banja lothawa ngongole.

Ndalama sizinathe. Nkhani ndi yakuti lamulo silifunsa kuti m'thumba mwa mwini timu muli zingati. Limafunsa kuti timu payokha imapeza zingati, ndipo imamwaza zingati.

Lamulo limene linawapanikiza usiku umenewo limatchedwa Profitability and Sustainability Rules, ambiri amangoti PSR. Matimu a Premier League anagwirizana za malire ake mu 2013. Mutu wake ndi wosavuta: pa zaka zitatu zotsatizana, timu isaluze ndalama zopitirira £105 miliyoni. Ndipo kuti ifike pamenepo, mwini wake ayenera kutsekera £90 miliyoni ndi ndalama zake zoikidwa ngati masheya, osati zobwereketsa. Akapanda kutero malire ndi £15 miliyoni basi. Pali ndalama zina zimene sizilowa m'chiwerengerochi chifukwa ligi imafuna kuti matimu azizimwaza: za akademi, za mpira wa amayi, za ntchito zothandiza anthu a m'dera, ndi za zomangamanga monga bwalo ndi malo ochitira zokonzekera. Choncho a Saudi atafuna kumanga bwalo la golide palibe angawaletse. Chimene sangachite ndi kungotulutsa £500 miliyoni n'kugula osewera.

Lamuloli sindilinyoza, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke ndisanayambe kulidandaula. Amene anaonera Portsmouth akutenga FA Cup mu 2008, Nwankwo Kanu atamwetsa chigoli chokhacho pa Wembley, akukumbukira zimene zinatsatira. Pofika February 2010 timuyo inali italephera kulipira ngongole, inakhala yoyamba mu Premier League kuikidwa m'manja mwa oyendetsa makampani ogwa, inalandidwa mapointi 9, ndipo patapita zaka zochepa inapezeka mu ligi yachinayi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mwini timu akhoza kutopa, kumangidwa kapena kuthawa, koma makontrakiti amene anasainira amatsalira timu, ndipo olira ndi masapota ndi antchito wamba. Lamulo loti timu isadye zopitirira zimene imakolola lili ndi nzeru yake.

Kwa zaka pafupifupi khumi lamuloli linali ngati galu wouwa koma wosaluma. Mano ake anaoneka mu November 2023, pamene Everton inalandidwa mapointi 10. Itachita apilo anatsika kufika pa 6, kenako mu April 2024 inalandidwanso ena 2 pa mlandu wachiwiri. Mu March 2024 Nottingham Forest inalandidwa 4. Mlandu wa Forest ndi umene ukuonetsa bwino kulemera kwa tsiku la 30 June. Poti timuyo inali itangokwera kumene kuchokera ku Championship, ligi yachiwiri ya ku England, malire ake anali £61 miliyoni, ndipo inawapitirira ndi £34.5 miliyoni. Inali ndi Brennan Johnson, mwana wa m'akademi yake, amene matimu ena amamufuna mu June 2023. Inakana mitengo ya nthawi imeneyo, inadikira, ndipo pa 1 September inamugulitsa ku Tottenham pa £47.5 miliyoni. Pa malonda inachita bwino. Koma ndalamazo zinalowa m'mabuku a chaka chotsatira, dzenje la chaka chapitacho linatsala pululu, ndipo chilango chinabwera. Matimu onse anaona, ndipo June wotsatirayo palibe anafuna kuyesa mwayi.

Tsopano tifike pa masamu enieni, chifukwa amene sanawamvetse amangodabwa ndi zochitika za pamsika wa osewera.

Tiyerekeze kuti mwagula chigayo. Mwalipira ndalama zambiri tsiku limodzi, koma chigayocho chikugwirirani ntchito zaka zingapo. Wolemba mabuku a bizinesi sanena kuti mwaluza ndalama zonsezo chaka chimenecho. Amagawa mtengowo pa zaka zimene chigayo chidzagwire ntchito, chaka chilichonse n'kumachotsa gawo limodzi. Wosewera wogulidwa amalembedwa chimodzimodzi. Mtengo wake umagawidwa pa zaka za kontrakiti yake, ndipo akatswiri a mabuku amatcha zimenezi amortisation. Alexander Isak anachoka ku Real Sociedad mu August 2022 pa mtengo wa pafupifupi £63 miliyoni, pa kontrakiti ya zaka 6. M'mabuku a Newcastle sanalembe kuti £63 miliyoni yapita; analemba pafupifupi £10.5 miliyoni chaka chilichonse, kuonjezapo malipiro ake. Apa tisasokoneze ndi kalipiridwe. Matimu ambiri amalipira mtengo wa wosewera pang'onopang'ono, koma imeneyo ndi nkhani ya nthawi imene ndalama zimatuluka ku banki. Lamulo limayang'ana kalembedwe ka m'mabuku, kaya mwalipira kamodzi kaya kanayi.

Kugulitsa ndiye kumayenda mosiyana, ndipo chinsinsi chonse chagona pamenepa. Mukagulitsa wosewera, phindu lonse limalembedwa tsiku lomwelo, siligawidwa. Phindulo amaliwerenga pochotsa mtengo wotsala m'mabuku pa ndalama zimene mwalandira. Wosewera amene munamugula pa £50 miliyoni pa kontrakiti ya zaka 5, pakatha zaka ziwiri mtengo wake wa m'mabuku ndi £30 miliyoni. Mukamugulitsa pa £35 miliyoni, phindu ndi £5 miliyoni yokha. Mukamugulitsa pa £25 miliyoni, mwaluza, ndipo dzenje lanu lakula. N'chifukwa chake matimu amakakamira osewera odula amene alephera, n'kumangowatumiza pangongole chaka ndi chaka. Kuwagulitsa motchipa kukanaonekera m'mabuku nthawi yomweyo.

Nanga mwana amene wakulira m'akademi? Simunamugule kwa wina aliyense, ndiye mtengo wake m'mabuku ndi ziro. Mukamugulitsa pa £35 miliyoni, yonseyo ndi phindu. Aliyense woweta amadziwa kusiyana kwa mbuzi yogula kumsika ndi yobadwira m'khola: tsiku la mavuto, yobadwira m'khola ndi imene imabweretsa ndalama yopanda chochotsera. Zimandiwawa kuyerekeza munthu ndi chiweto, koma ndi momwe mabukuwo amamuonera. Lamulo limene likuti mwazani ndalama pa akademi, sitiziwerengera, ndi lomwelo limene limachititsa kuti chipatso cha akademiyo chikhale choyamba kupita pamsika.

Elliot Anderson anabadwira ku Whitley Bay, m'mphepete mwa nyanja, mtunda wochepa kuchokera pa St James' Park, bwalo la Newcastle. Anadutsa ku Wallsend Boys Club, kalabu ya ana imene inatulutsanso Shearer ndi Michael Carrick. Agogo ake, Geoff Allen, anaseweranso Newcastle m'zaka za m'ma 1960. Atamubwereketsa ku Bristol Rovers mu 2022, ndi iye anamwetsa chigoli chachisanu ndi chiwiri tsiku lomaliza la sizoni, pamene timuyo inagonjetsa Scunthorpe 7-0 n'kukwera ligi. Mwana wotere ndi amene mzinda umafuna kumuona akukalambira m'jezi yakwawo. Atapita ku Forest anasanduka msana wa timu imene inathera pa nambala 7 mu 2024/25, anatenga chikho cha Euro cha osapitirira zaka 21 ndi England, ndipo mu September 2025 Thomas Tuchel anamuseweretsa m'timu yaikulu ya dziko. Newcastle sinalakwitse kumuyeza luso. Inamudziwa bwino lomwe. Inamugulitsa chifukwa usiku umenewo iye ndi amene mtengo wake wonse ukanalowa m'mabuku. Minteh naye n'chimodzimodzi pang'ono: anamugula motchipa ku Odense ya ku Denmark mu 2023, anakawala pangongole ku Feyenoord pansi pa Arne Slot, ndiye pafupifupi ndalama zonse za Brighton zinali phindu.

Kusiyana kumeneku, koti chogula chimagawidwa pa zaka koma chogulitsa chimalembedwa kamodzi, kunabala malonda odabwitsa m'masiku omaliza a June 2024. Pamene Anderson amapita ku Forest, goloboyi wa ku Greece Odysseas Vlachodimos amachoka ku Forest kubwera ku Newcastle pa mtengo umene nyuzipepala za ku England zinati ndi pafupifupi £20 miliyoni, munthu amene sizoni yonse yotsatira sanagwireko gemu ya ligi. Aston Villa inagulitsa Tim Iroegbunam ku Everton n'kugulako Lewis Dobbin pa mitengo yofanana. Villa yomweyo inagulitsa Omari Kellyman, mnyamata amene anali atasewera mphindi zowerengeka, ku Chelsea pa £19 miliyoni, n'kugulako Ian Maatsen pa ndalama zoposa £35 miliyoni. Taganizirani matimu awiri akusinthana ana a m'akademi pa £20 miliyoni aliyense. Ku banki palibe chasintha. Koma aliyense walemba phindu la £20 miliyoni lero, ndipo ndalama yogulira waigawa £4 miliyoni pachaka kwa zaka 5. Onse awiri apuma. Palibe lamulo laswedwa, koma ngongole ya m'mabuku yangokankhidwira kutsogolo.

Chelsea inapeza mipata ina. Inkapereka makontrakiti a zaka 8 ndi kupitirira kwa osewera monga Mykhailo Mudryk ndi Enzo Fernández kuti mtengo ugawidwe pa zaka zambiri, mpaka UEFA ndi Premier League anatseka mpatawo mu 2023 ponena kuti kugawa kusapitirire zaka 5. Inagulitsanso mahotela ake awiri a pa Stamford Bridge kwa kampani ya eni ake omwewo pa £76.5 miliyoni, kenako timu yake ya amayi pa ndalama pafupifupi £200 miliyoni, zonse n'kulembedwa ngati phindu.

Tibwerere ku Newcastle. Inafika bwanji pamphepete pa phompho? A Saudi anapeza timu ili m'chigawo cha matimu otsika ligi, isanapambaneko gemu. Mu January 2022 anagula Kieran Trippier, Chris Wood, Bruno Guimarães ndi Dan Burn kuti apulumuke. Kenako anabwera Nick Pope, Sven Botman ndi Isak, mu January 2023 Anthony Gordon, ndipo atathera pa nambala 4 n'kulowa Champions League anaonjeza Sandro Tonali, Harvey Barnes, Tino Livramento ndi Lewis Hall. Ambiri mwa amenewa anagulidwa mwanzeru. Vuto linali lakuti mbali yogulitsa kunalibe kanthu. Zaka za Ashley zinasiya osewera okalamba amene palibe amawafuna, akademi yofooka, ndi malonda a timu ogona tulo. Mabuku anaonetsa kuluza kwa £70.7 miliyoni mu 2021/22 ndi £73.4 miliyoni mu 2022/23. Phatikizani ziwirizo: ngakhale mutachotsapo za akademi ndi zina zololedwa zija, mpata wa chaka chachitatu unali utachepa kwambiri. Mu January 2024 mkulu woyendetsa timuyi pa nthawiyo, Darren Eales, ananena poyera kuti pansi pa malamulowa wosewera aliyense ali ndi mtengo wake. Ambiri tinaona ngati akungoopseza. Tonali analetsedwa kusewera miyezi 10 chifukwa cha juga, osewera anavulala motsatizana, timu inathera pa nambala 7, ndipo Manchester United itatenga FA Cup mpando wa ku Ulaya unapita. Malonda a kumapeto kwa June ndi amene anatsitsa kuluza kwa 2023/24 kufika pa £11.1 miliyoni.

Wina afunsa: bwanji osangouza kampani ya ku Saudi kuti ilembe dzina lake pajezi n'kulipira £200 miliyoni pachaka? Matimu enawo analiona khomo limenelo a Saudi asanalifike. Patangotha milungu yochepa Newcastle itagulidwa anayamba kulitseka, ndipo mu December 2021 anakhazikitsa malamulo oti mgwirizano uliwonse ndi kampani yokhudzana ndi eni timu uziunikidwa ndi ligi, ndipo mtengo wake ufanane ndi umene kampani yachilendo ikanalipira. Newcastle inapezadi Sela, kampani ya ku Saudi, pa ndalama pafupifupi £25 miliyoni pachaka kuyambira 2023, kenako inabwerera kwa Adidas mu 2024. Ndi kukwera kwakukulu poyerekeza ndi kale, koma Manchester United imalandira pafupifupi £60 miliyoni pachaka kwa Snapdragon pa malo omwewo a pachifuwa.

Apa ndi pamene mtima wanga umagawanika. Roman Abramovich anagula Chelsea mu 2003, a ku Abu Dhabi anagula Manchester City mu 2008. Onsewa anamwaza ndalama mmene anafunira malamulowa asanakhwime, anatenga zikho, zikhozo zinabweretsa masapota pa dziko lonse, masapotawo anabweretsa makampani, ndipo lero ndalama zimene amapeza n'zovomerezeka kotheratu. Kugona pakati n'kuyambirira. Mu 2023/24 Manchester City inapeza £715 miliyoni, Manchester United pafupifupi £660 miliyoni, Newcastle £320 miliyoni. Wobwera mochedwa akuuzidwa kuti adye molingana ndi zimene amakolola, koma kuti akolole zambiri ayenera kupambana, ndipo kuti apambane chaka ndi chaka ayenera kukhala ndi osewera amene sangawakwanitse. Onjezanipo kuti malire a £105 miliyoni aja sanasinthe kuyambira 2013. Nthawi imeneyo wosewera wodula kwambiri amene timu ya ku England inagulapo anali Fernando Torres pa £50 miliyoni. Mitengo inakwera kuwirikiza, chingwe chinakhala pomwepo. Sindikunena kuti boma la dziko lina liloledwe kugula ligi yonse ndi ndalama za mafuta. Pali zifukwa zomveka zoopera zimenezo, ndipo mbiri ya boma la Saudi pa ufulu wa anthu si nkhani yoti sapota woona mtima aziyizemba. Ndikungonena kuti lamulo lomwelo limene limateteza timu kuti isagwe limatetezanso amene ali kale pamwamba kuti asafikiridwe, ndipo amene amalipira si mwini chuma ku Riyadh, ndi mnyamata wa ku Whitley Bay.

Msika wa 2024 unatha mwakachetechete. Newcastle inathamangitsa Marc Guéhi wa Crystal Palace mwezi wathunthu osamupeza. Kumayambiriro kwa 2025 inagulitsa Miguel Almirón ku Atlanta United, inatumiza Lloyd Kelly ku Juventus, osagula womulowetsa m'timu yoyamba. Komabe pa 16 March 2025, pa Wembley, Dan Burn ndi Isak anamwetsa zigoli zogonjetsera Liverpool 2-1 mu Carabao Cup, chikho chachikulu choyamba cha m'dzikomo kuyambira FA Cup ya 1955. Sizoni itatha anali pa nambala 5, m'Champions League kachiwiri.

Kupirira kwa misika iwiri ija kunali ndi masamu ake. Poti lamulo limayang'ana zaka zitatu, chaka chilichonse chatsopano chikalowa, chakale kwambiri chimatuluka. Pofika 1 July 2025, zaka ziwiri zoipa zija za £70 miliyoni zinali zitatuluka m'chiwerengero cha chaka chatsopanocho. Chingwe chinamasuka. Kenako panabwera nkhani ya Isak, amene anakana kusewera mpaka Liverpool inamugula pa £125 miliyoni pa 1 September, mtengo umene pa nthawiyo unaposa wina uliwonse m'mbiri ya mpira wa ku Britain. Titsatire masamu aja: atasewera zaka 3 mwa 6, mtengo wake wa m'mabuku unali utatsika kufika pa theka, pafupifupi £31 miliyoni. Ndiye phindu lolembedwa linali m'dera la £90 miliyoni tisanachotse zina ndi zina. Nthawi yomweyo timu inagula Anthony Elanga, Malick Thiaw, Jacob Ramsey, Nick Woltemade ndi Yoane Wissa wa ku DR Congo, pamodzi pafupifupi £250 miliyoni. Anthu anati Newcastle yadzuka. Koma gawani £250 miliyoniyo pa zaka 5: ndi katundu wa pafupifupi £50 miliyoni pachaka, osawerengera malipiro, amene adzakhala pamutu pa timu chaka ndi chaka, pamene phindu la Isak linabwera kamodzi. Msika wokoma wa chaka chimodzi umadya gawo la misika inayi yotsatira.

Tsopano malamulo enieniwo asintha. Mu November 2025 matimu a Premier League anavota, 14 mwa 20 anavomera, kuti kuyambira sizoni ya 2026/27 PSR ilowedwe m'malo ndi lamulo lotchedwa Squad Cost Ratio. M'malo moyang'ana kuluza kwa zaka zitatu, lamuloli likuti ndalama zomwazidwa pa timu, kutanthauza malipiro a osewera ndi mphunzitsi wamkulu, magawo a pachaka a mitengo yogulira osewera, ndi ndalama za maejenti, zisapitirire 85 peresenti ya zimene timu imapeza pa mpira kuphatikizapo phindu la kugulitsa osewera. Wopitirira pang'ono adzalipira chindapusa, wopitirira kwambiri adzalandidwa mapointi. Njira yodzigulitsa wekha hotela ija yatsekedwa. Ganizo lina, loti ngakhale timu yolemera chotani isamwaze kupitirira kuchulukitsa kangapo ndalama za pa kanema zimene timu yotsiriza imalandira, linakanidwa. Ganizo limenelo ndi lokhalo limene likanaika denga pamwamba pa zimphona.

Pamwamba pa zimenezi pali UEFA. Timu iliyonse yosewera m'zikho za ku Ulaya imamangidwa ndi malire ake, amene anatsika kuchoka pa 90 peresenti kufika pa 80, ndipo tsopano ali pa 70. UEFA nayo imaluma: mu July 2025 inalipiritsa Chelsea €31 miliyoni, Barcelona €15 miliyoni ndi Aston Villa €11 miliyoni chifukwa chophwanya malamulo ake a zachuma. Choncho timu ngati Newcastle ikalowa ku Ulaya ndalama zimachuluka koma chingwe chimafupika; ikalephera kulowa, chingwe chimatalika kufika pa 85 koma mphika umachepa. Tiyese ndi ziwerengero za 2023/24 zija, tisanaonjezepo phindu la malonda a osewera. Magawo 85 pa 100 a £320 miliyoni ndi £272 miliyoni. Magawo 70 a ndalama yomweyo ndi £224 miliyoni. Magawo 70 a £715 miliyoni ya Manchester City ndi £500 miliyoni. Lamulo ndi limodzi, koma wina akuloledwa kulipira timu yodula kuwirikiza kawiri. Ndiponso kale mwini timu amatha kutsekerako £90 miliyoni pa zaka zitatu. M'kawerengedwe katsopanoka chimene chikulankhula ndi ndalama zimene timu yapeza yokha.

Ndiye mukamawerenga mphekesera za msika wa June mpaka August, nyengo imene kwawoko kukutentha ife tikuwotha moto, musayambire pa dzina la wosewera amene akuti akubwera. Yambani mwafunsa ngati timu yalowa Champions League, chifukwa mpikisano umenewo wokha umabweretsa mapaundi mamiliyoni makumimakumi, ndipo kulephera kulowamo kumasintha bajeti yonse. Kenako yang'anani malipiro. Mtengo wogulira umagawidwa, koma malipiro amagwa athunthu chaka chilichonse: wosewera wolandira £200,000 pa sabata amadya zoposa £10 miliyoni pachaka, ngakhale atabwera ulere kontrakiti yake itatha kwina. Apa ndi pamene Newcastle imagonjera. Ikhoza kufika pa mtengo umene timu yogulitsa ikufuna, koma wosewerayo akamva zimene Liverpool kapena Manchester United angamupatse pa sabata, amatembenuka. Mu 2025 inafuna Hugo Ekitike, anapita ku Liverpool. Inafuna Benjamin Šeško, anapita ku Manchester United. Inafuna João Pedro, anapita ku Chelsea. Ndipo ikamukwezera mmodzi, osewera ena akuluakulu a m'timumo nawo adzagogoda pachitseko.

Njira yokhalitsa yotulukira mu msamphawu ndi kukulitsa mphika, ndipo pamenepa nkhani ya bwalo ndi yofunika kuposa dzina la wosewera wina aliyense. St James' Park imalowa anthu pafupifupi 52,000 ndipo imadzaza gemu iliyonse, koma mu 2023/24 ndalama za pakhomo zinali pafupifupi £50 miliyoni, pamene Old Trafford, bwalo la Manchester United, inabweretsa zoposa £130 miliyoni. Tottenham itatsegula bwalo lake latsopano mu 2019 inasintha chuma chake chonse. Kukulitsa St James' Park n'kovuta chifukwa kumbuyo kwa mbali yake ya kum'mawa kuli nyumba zakale za Leazes Terrace, zotetezedwa ndi malamulo a mbiri. Kusamuka nakonso kumawawa, poti bwaloli lili pakati penipeni pa mzinda, paphiri, munthu akangotsika sitima amayenda wapansi n'kufika. Apa ndi pamene ndalama za a Saudi zingagwire ntchito popanda wowaletsa. Koma bwalo silimangidwa m'sizoni imodzi, ndipo osewera abwino sadikira.

Pakadali pano chotsala ndi kugulitsa, chifukwa ngakhale m'lamulo latsopanoli phindu la malonda a osewera limakulitsa malire a timu, ndipo mwana wa m'akademi akadali wa phindu lopanda chochotsera. Sean Longstaff, mwana wa m'akademi wa ku North Shields, anapita ku Leeds mu July 2025. Ndikamaona Lewis Miley, mnyamata wa ku Stanley amene anayamba gemu ya Champions League pa Parc des Princes ali ndi zaka 17 n'kuima nji pamaso pa osewera a PSG, mtima umasangalala. Kenako ndimakumbukira kuti m'mabuku a timu mtengo wake ndi ziro, ndipo akamasewera bwino m'pamene dzina lake limakwera pa mndandanda umene umatsegulidwa June akamatha.